Mdipiti wa galimoto wothandiza ana odwala: kakonzedwe kake kuyambira kuwodi mpaka pamsewu

Mwana wa mchemwali wanga atagwidwa chibayo ali ndi miyezi 7, ndinachezera masiku atatu pabenchi ya kunja kwa wodi ya ana. Chimene sichichoka m'maso mwanga ndi kachipangizo kokhala ngati kopanira zovala pachingwe, kamene amapanitsa pachala kapena pakaphazi ka mwana kuti aone kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Anesi ankayenda nako bedi ndi bedi: apana, ayang'ana manambala, alemba, apita kwa wina. Amayi onse maso ali pa kachinthu komweko, aliyense kudikira kuti kafike pa wake. Nditafunsa mtengo wake ndinangoti kukamwa yasa. Sunkafika n'komwe pa ndalama imene ndinali nditangolipira pogula matayala anayi a pikapu yanga yakale.

Ife okonda galimoto sitisowana. Loweruka timapezana kotsukitsa, mabonethi otsegula, wina akuonetsa injini imene waikonza miyezi isanu, wina akufunsa kumene angapeze sipeya ya Datsun kapena Peugeot ya agogo ake. Chikoka chimenechi anzathu a kunja anachisandutsa kale ndalama zothandizira ana. Ku Australia, mu 1985, wamalonda Dick Smith anasonkhanitsa anzake n'kuyenda ulendo wodziwika kuti wa Bourke mpaka Burketown, ndipo anapeza madola 250,000 a kumeneko, amene anapita ku bungwe lothandiza ana la Variety. Ulendowo unakhazikika, ukuchitikabe ndi dzina loti Variety Bash, pa galimoto zakale, ndipo si mpikisano wothamanga. Abale athu a ku Joni amaidziwa Toy Run, ya anthu a njinga zamoto, imene inayamba mu 1982. Kwathu kuno n'zothekanso. Nayi njira yake monga ndaionera.

Musanatchule tsiku, pitani kuwodi

Magulu ambiri amayambira pa chikwangwani: dzina la gulu, zithunzi za galimoto zonyezimira, kenaka pansi penipeni timalemba ting'onoting'ono toti ndalama zipita kwa ana odwala. Ana ake ati? Zikagula chiyani? Safunsa anadya phula. Lembani kalata kwa mkulu wa chipatala, mupemphe kuonana ndi amene amatsogolera chigawo cha ana pamodzi ndi anamwino oyang'anira mawodi. Pitani awiri kapena atatu basi, mutanyamula kope ndi cholembera.

Mukafika mudzazindikira kuti mawu oti "wodi ya ana" amabisa zambiri. Ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth Central chimene chili pa Ginnery Corner kuyambira mu 1958, makanda ongobadwa kumene ali ku Chatinkha, ana onyentchera ali ku Moyo, a khansa ali ku Sobo, ndipo maopaleshoni a ana ndi chipinda cha odwalitsitsa zili ku Mercy James Centre, imene inatsegulidwa mu Julaye 2017. Mumzinda womwewo wa Blantyre muli chipatala cha Beit CURE, chimene kuyambira mu 2002 chakhala chikuwongola miyendo ndi mapazi opindika a ana. Kulinso Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Koma ine ndikanati muganizirenso zipatala za m'maboma. Chilichonse chili ndi wodi ya ana, ndipo alendo onyamula mphatso safikako kawirikawiri ngati m'mizinda.

Funso labwino silikhala loti "tikuthandizeni chiyani?" chifukwa munthu waulemu amangoyankha kuti chilichonse chimene mwakonza. Funsani chonchi: "Mayi, mukakhala pantchito usiku, chimene chimakusowetsani mtendere kwambiri n'chiyani?" Pamenepo mumva zenizeni. Mwina ndi makina opanga okosijeni, mwina timapaipi ta m'mphuno, mwina matiresi okutidwa bwino oti apukutike, mabulangete a m'nyengo yozizira, matewera, sopo. Kuwodi ya khansa mukhoza kuuzidwa chinthu chimene simunachiganizire n'komwe: ndalama ya basi. Khansa ya Burkitt, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba ya mwana ndipo ndi imodzi mwa zofala kwambiri kuno, imamva mankhwala, koma mwana amayenera kubwera kangapo kudzalandira. Banja la ku Nsanje kapena ku Mangochi likasowa thiransipoti, mankhwala amadukiza, matenda n'kubwerera. Ndalama ya basi sioneka bwino pachithunzi, koma imabweza mwana kuchipatala pa tsiku lake.

Ngati mwasankha kugula makina, musagule nokha mwa m'mutu mwanu. Akatswiri okonza zipangizo za pachipatalapo avomereze kaye mtundu wake, anene ngati sipeya zake zimapezeka ndiponso ngati angathe kukonza akawonongeka. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Makina opangidwira magetsi a ku America, mukangowalumikiza osaganiza, amapsa tsiku lomwelo. Chitsanzo chabwino cha chipangizo choganizira kwathu ndi Pumani, makina othandiza makanda kupuma amene akatswiri a Rice University ku Houston anapanga mogwirizana ndi madokotala a ku Gulupu: osavuta kugwiritsa ntchito, osavuta kukonza.

Muchoke kumeneko ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri zokhala ndi mtengo, makoteshoni atatu ochokera kwa ogulitsa osiyana, ndi kalata ya chipatala yovomereza kuti mugwiritse ntchito dzina lake. Funsaninso njira imene iwo amalandirira thandizo. Ku Gulupu, mwachitsanzo, kuli bungwe la Friends of Sick Children limene limagwira ntchito ndi chigawo cha ana.

Masamu a mafuta

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anzanga ena amandida. Tiyerekeze kuti mukuchoka ku Blantyre kupita ku Zomba n'kubwerako. Pamodzi ndi zokhotakhota za m'tauni, ndi makilomita pafupifupi 140. Galimoto yomwa lita imodzi pa makilomita 10 idya malita 14. Zikakhala galimoto 30, mwawotcha malita 420. Ngati ndalama yofika kwa ana ichepera pa mtengo wa malita 420 amenewo, ndiye kuti kukanakhala bwino aliyense akanangokhala pakhomo n'kutumiza ya mafutayo kuchipatala.

Choncho ikani lamulo loyamba la gulu: ndalama yolembetsera galimoto isachepere pa mtengo wa mafuta amene galimotoyo iwotche, ndipo yonse ipite kwa ana. Itchuleni m'malita, chifukwa mitengo ya zinthu masiku ano sikhala malo amodzi. Mukati "mtengo wa malita 20 a petulo", aliyense amva ndipo lamulo silikalamba. Mafuta a m'thanki, chakudya ndi zakumwa, aliyense adzionere yekha.

Koma yolembetsera yokha sikwana. Dalaivala aliyense mumupatse fomu yosindikizidwa, yokhala ndi nambala yake, yoti akapemphere kuntchito, kutchalitchi, kumzikiti ndi kwa achibale, masabata anayi kapena asanu ndi limodzi tsiku lisanafike. Ndalama yaikulu imachokera pamenepa. Munthu amene sangagule tikiti ya ulendo wa galimoto amapereka mosavuta akamva kuti akusonkhera makina a okosijeni a wodi yakutiyakuti, a mtengo wakuti, ndipo kwatsala zakuti. Abale a ku Joni ndi ku UK nawonso amatumiza akaona chinthu chooneka ndi kalata ya chipatala.

Zolipira zina monga masitika a pagalimoto, malaya a otsogolera, zokuzira mawu ndi malo oimikapo, kapemphereni kwa amalonda: ogulitsa matayala, a inshulansi, magalaja, malo omwetsera mafuta. Auzeni poyera kuti iwo akulipirira mwambo kuti ndalama ya anthu isakhudzidwe, ndipo dzina lawo likhala pa sitika ya galimoto iliyonse. Pofikira ulendo pakhozanso kutuluka kenakake: oonerera alipire pang'ono povotera galimoto imene yawasangalatsa, kapena kujambulitsa atakhala pachiwongolero. Mukafuna mpikisano wa matikiti a mwayi, yambani mwafunsa ku Malawi Gaming and Lotteries Authority.

Ndalama isagone m'thumba la munthu

Sankhani komiti yaing'ono: wapampando, mlembi, msungichuma, woyang'anira za pamsewu, ndi makaniko. Tsegulani akaunti ya gulu yosainira anthu atatu, yoti ndalama isatuluke popanda awiri. Ngati gulu lanu silinalembetsedwe ndipo banki ikuvuta, pemphani kuti anthu aziponya ku akaunti ya bungwe limene chipatala chakulozerani, inu muzingosonkhanitsa maumboni. Nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zikhale zatsopano, za ntchito iyi yokha, ndipo foni yake isakhale ya msungichuma yoimbira tsiku ndi tsiku. Yolandira pamanja iliyonse ilembedwe lisiti nthawi yomweyo. Lamlungu lililonse madzulo msungichuma aziponya pa gulu la WhatsApp chiwerengero cha zimene zalowa. Si kuti mukukayikirana. Mukuteteza mnzanu amene wavomera kusenza katundu wolemera, kuti mawa wina asadzamuloze chala.

Msewu ndi tsiku

Ulendo woyamba ukhale waufupi, wopita n'kubwera dzuwa lisanalowe, pamsewu wa tala woti ngakhale galimoto yotsika kwambiri idutse. A ku Blantyre ali ndi msewu wa Zomba kudzera ku Limbe, Njuli, Namadzi ndi Thondwe, kapena wa Mulanje kudzera ku Bvumbwe ndi m'minda ya tiyi ya Thyolo n'kubwerera wa Midima. A ku Lilongwe ali ndi wa Salima mpaka ku Senga Bay, kapena wa Dedza. Mukasankha M1, kumbukirani zipata zolipiritsa za Kalinyeke ndi Chingeni, muuziretu anthu kuti akonze ndalama yake.

Phiri la Zomba limakopa, ndipo aliyense adzafuna chithunzi cha galimoto yake ku Mulunguzi Dam kapena ku Ku Chawe. Ganizani kawiri. Chikweza chija chimawiritsa rediyeta ya galimoto yakale, ndipo potsika chimapsereza mabuleki a munthu wosadziwa kutsika ndi giya. Ine ndimakonda kuti mdipiti uthere m'tauni m'munsi, ofuna kukwera akwere paokha mwambo utatha.

Sabata ziwiri tsiku lisanafike, anthu awiri a komiti ayende msewu wonsewo, tsiku lofanana ndi la mwambo komanso ola lomwelo. Alembe pamene pali maenje, mahampu, marodibuloko, malo oti galimoto 30 zingaime osatsekereza ena, ndi kumene kuli zimbudzi. Afunse masiku a msika a malo onse a m'njira. Tsiku la msika anthu, njinga za kabaza ndi maminibasi zimadzaza mpaka pakati pa tala, ndipo mdipiti sudutsa bwino pamenepo.

Nyengo yabwino ndi ya pakati pa Meyi ndi Sepitembala, mvula itatha, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Chenjerani ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julaye ku Thyolo ndi Mulanje, chifukwa nkhungu yake imabisa galimoto ya patsogolo panu. Ndipo poti mafuta nthawi zina amasowa m'dziko muno, gwirizanani tsiku lachiwiri losungira. Si bwino kuonetsa galimoto 30 zikuyenda ulendo wosangalala pamene anthu agona pamizere ya mafuta.

Apolisi ndi khonsolo

Lemberani apolisi apamsewu ndi khonsolo, ya kumene mukunyamukira ndi ya kumene mukukafikira, nthawi ikadalipo. M'kalatamo mukhale tsiku, maola, njira, chiwerengero cha galimoto, nambala ya woyang'anira za pamsewu, ndi kope ya kalata ya chipatala ija. Pitani nayo nokha, mukamve zimene akufuna kwa inu, ndipo mupemphe thandizo potuluka m'tauni pamene pali maraundabauti ndi maloboti.

Galimoto iliyonse ionedwe

Pa fomu yolembetsera pakhale laisensi, inshulansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), zonse zosatha. Loweruka, kutatsala sabata imodzi kuti tsiku lifike, makaniko wa gulu aone galimoto zonse: mabuleki, matayala pamodzi ndi la sipeya, magetsi, madzi, oyilo, mapaipi a rediyeta, fanibeluti, jeke, sipanala ya mawilo, matrayango ndi chozimitsira moto. Yolephera ipatsidwe sabata imeneyo kuti ikonzedwe. Ikalepherabe, mwini wake akwere ndi mnzake, ngakhale atakhala wapampando.

Ndimaumirira pa mapaipi a rediyeta chifukwa ndinaonapo. Pa ulendo wina wa gulu, galimoto ya mnzathu yopentedwa bwino ngati yatsopano inaphulitsa paipi pachikweza. Nthunzi inangoti fuu m'bonethi, galimoto zonse za m'mbuyo n'kuima pakona posaoneka, thiraki yodzaza ikubwera. Tinapulumuka chifukwa mnyamata wina anathamanga ndi trayango kukaibayitsa patali. Paipiyo titaigwira inali yofewa ngati nthochi yakupsa. Munthu akanaifinya ndi dzanja sabata yapitayo akanadziwa.

Tsiku lafika

Sonkhanani m'mawa pamalo otakasuka, mathanki atadzaza kale dzulo lake. Galimoto iliyonse ilandire nambala yomata pagalasi ndi pepala la njira lokhala ndi malo oimapo ndi manambala a foni. Musananyamuke, madalaivala onse aime pamodzi, injini zitazima, amve malamulo kuchokera pakamwa pa woyang'anira za pamsewu. Wochedwa amene sanamve malamulo asalowe mumzere mpaka atauzidwa payekha.

Musayende galimoto 30 mumzere umodzi. Zigaweni m'magulu a 8 kapena 10, onyamuka motalikirana mphindi zisanu, kuti minibasi kapena ambulansi yofuna kupitirira ipeze mpata wolowa. Gulu lililonse likhale ndi wotsogolera wodziwa njira, ndipo zoyenda pang'onopang'ono zikhale kutsogolo kuti liwiro likhale lawo. Kumapeto kwenikweni kukhale pikapu ya makaniko, yonyamula zida, chingwe chokokera, zigubu za madzi, bokosi la chithandizo choyamba, ndiponso munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito. Ngati m'gulu mwanu muli namwino kapena dokotala, malo ake ndi amenewo.

Nyali zikhale zoyaka ngakhale masana, koma mahazadi ayi, chifukwa mukayatsa onse palibe amene angadziwe kuti wina akukhota kapena wavutika. Siyani mpata wa masekondi atatu pakati panu ndi wa patsogolo. Dalaivala aliyense aziyang'anira wa m'mbuyo mwake pagalasi: akasowa, chepetsani liwiro, ndipo uthengawo ufika wokha kutsogolo. Palibe kupitirirana mkati mwa gulu. Roboti ikakudulani, imani. Anzanu akudikirani poimapo potsatira. Foni agwire wokwera naye. Galimoto ikafa, ipatuke yokha ndi ya makaniko, ena onse apitirire.

Mowa kwa dalaivala ayi, ngakhale botolo limodzi pa nkhomaliro, chifukwa pali ulendo wobwerera. Zoliza matayala, zozungulitsa galimoto ndi zopikisana pa liwiro zisachitike, ndipo wochita zimenezo achotsedwe sitika pomwepo. Mwanyamula dzina la chipatala cha ana pagalasi panu.

Lamulo lina limene ndimalinena mobwereza: musaponyere ana maswiti, ndalama kapena mabotolo kuchokera pawindo. Ana a m'mbali mwa msewu akaona galimoto zokongola zitandandalika amathamangira kutala kale. Mukaponya kanthu, amene akutola saona galimoto yachiwiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, kaya ali pabedi ku Gulupu kaya waima m'mbali mwa msewu pa Namadzi. Mukafuna kuwapatsa kanthu, imani pamalo abwino, mutsike, muwapatse m'manja.

Pofikira, imikani galimoto mwadongosolo, anthu azione, avote, ajambulitse. Woimira chipatala, ngati wabwera, apatsidwe mphindi zochepa afotokoze ntchito ya chimene mukugula. Ndalama ya pamalopo iwerengedwe ndi anthu atatu pamaso pa ena, ilembedwe, isainidwe, chiwerengero chilengezedwe anthu asanabalalike. Muthanso kuitana a Malawi Blood Transfusion Service, chifukwa ana amene malungo awathera magazi amadalira magazi operekedwa ndi anthu, ndipo amachepa sukulu zikatsekera poti ambiri opereka ndi ophunzira. Koma pa tsikuli apereke okwera nawo ndi oonerera. Madalaivala alembetse mayina, akapereke tsiku lina.

Kukapereka

Mdipiti usalowe kuchipatala. Galimoto 30 pageti zimatsekereza ambulansi, ndipo mahutala ndi phokoso la injini n'zosayenera pamalo pamene mayi wina wangotaya mwana. Gwirizanani ndi chipatala tsiku ndi ola, mupite anthu anayi kapena asanu pa galimoto imodzi yonyamula katunduyo. Sambani m'manja polowa, tsatirani zimene anamwino akuuzani, ndipo wa chimfine atsale kunyumba. Musajambule nkhope ya mwana wodwala. Ngakhale mayi ake atavomera, kumbukirani kuti munthu amene wangolandira thandizo zimamuvuta kukana. Jambulani katunduyo, ndi ogwira ntchito ngati alola.

Chipatala chisaine pepala losonyeza zimene chalandira, ndi manambala a makina ngati alipo. Pasanathe sabata, tumizani kwa aliyense amene anapereka, mpaka uja wa ku Joni, tsamba limodzi lonena zimene zinalowa, kumene zinachokera, zimene zagulidwa, malisiti ake, ndi yotsala ngati ilipo pamodzi ndi kumene yapita. Amalonda amene anathandiza alandire kalata yothokoza yosainidwa ndi dzanja.

Pakatha miyezi itatu, awiri aja amene anapita koyamba ndi kope abwererenso kuwodi komweko, opanda kamera. Akafunse anamwino ngati makina akugwira ntchito, ngati mafyuluta ake ndi timapaipi zikupezeka, ndi chimene chawonongeka. Ngati pali chofunika kukonza, makaniko wanu ndi akatswiri a pachipatalapo akambirane mtengo wake, ndipo muulembe pamwamba pa tsamba loyamba la bajeti ya chaka chamawa.